Kwa Mwana Wanga ku Senga Bay

Wokondedwa mwana wanga,

Ndikhulupirira kuti mwadzuka bwino kumeneko, iwe ndi apongozi anga. Kuno tilipo, kungoti mwendo uja ukumandivuta m'mawa mwera ukamawomba. Mpunga tinamweta, tapuntha kale. Sunachite bwino ngati chaka chatha, koma sitigona ndi njala. Ndasankha kulemba kalata chifukwa pa foni umandidula ndi "ndamva amayi, ndamva" ndisanafike n'komwe pa nkhani. Pepala sungalidule. Ukhale pansi uwerenge mpaka kumapeto.

Nkhani yako yandipeza. Usafunse kuti wandiuza ndani, ndipo usakamukalipire mkazi wako, iye sananene kanthu. Ndinamufunsa, anangoti zonse zili bwino, koma mawu akewo ndinawamva mmene anatulukira. Anthu akuno amapita ku Salima tsiku ndi tsiku, ena kukagulitsa mpunga pa Kamuzu Road, ena kukaoda usipa kwanu komweko, ndipo ali ndi maso. Akuti ku mapemphero a abambo a Lachinayi unasiya kupita. Akuti Lamulungu umalowa mochedwa, n'kukhala kumbuyo kwenikweni, n'kutuluka nyimbo yomaliza isanathe. Akuti ukamachokera ku Lilongwe kogulitsa nsomba sufikira kunyumba, umafikira ku bala ndi mnzako uja, ndalama ya mpamba ili m'thumba.

Mnzako uja ndinamuona pa ukwati wako. Anandipatsa moni ali chiimire, dzanja lina lili m'thumba, fungo la mowa likutuluka dzuwa lisanafike pamutu. Pa perekaniperekani ankaponya ndalama m'mwamba kuti aliyense aone. Tsiku limenelo ndinangokhala chete poti linali tsiku lako. Lero sindikhala chete.

Iwe unkawaona abambo anzawo a malemu bambo ako akusonkhana, koma unali mwana, unkangodikira kuti achoke udye chinangwa chotsala m'mbale. Ankakumana pansi pa mtengo wa mango kuseri kwa tchalitchi, mvula ikagwa ankabwera pakhonde pathu. Panali kalipentala uja, aphunzitsi a ku pulaimale aja, msodzi wa ku Chia wosaona bwino uja, ndi bambo okonza njinga aja amene mpaka lero amakufunsa. Sanali anthu ophunzira kwambiri, ena kuwerenga kunkawavuta. Ine ndinkawaphikira tiyi n'kubwerera kukhitchini, koma khoma la nyumba yathu ukulidziwa, mawu ankandipeza. Ankaimba nyimbo imodzi, wina n'kuwerenga mawu, kenako ankayamba kufunsana mmodzimmodzi kuti kunyumba kuli bwanji. Munthu akayankha kuti kuli bwino sankamusiya. Ankangokhala duu kumudikira, mpaka iye yekha ayambe kutulutsa zomwe zili mumtima. Ndinamvapo mwamuna wamkulu, wa imvi, akulira pakhonde pomwepo ngati mwana, anzake atamugwira mapewa akupemphera. Dzina lake sindinalitchulepo ndipo sindidzalitchula, chifukwa lamulo lawo linali lakuti zokambidwa pamphasa zimatsala pamphasa. Bambo ako anapita nazo kumanda zinsinsi za anzawo, ngakhale ine mkazi wawo sanandiuzeko.

Chimene chikundisowetsa tulo ndi ichi. Bambo ako amene iwe unawadziwa, ovala jekete, onyamula Baibulo m'khwapa, sindiwo amene ndinakwatiwa nawo. Pang'ono unamva kwa azakhali ako, koma sunamve zonse. Iwe uli kumsana, bambo ako ankamwa kachasu. Mpingo unawadula, Mgonero anasiya kudya. Ndalama ya mpunga inkathera kwa mayi wina wotcheza kuseri kwa msika, ine n'kumasinja makaka a eni kuti ndipeze ufa wa kondowole. Ndinalankhula mpaka mawu anandithera. Ankhoswe anabwera, anaweruza, anapita, palibe chinasintha. Amene anawabweza ndi kalipentala uja. Lachinayi lililonse dzuwa likapendeka ankabwera n'kukhala pa chitsa chija cha pakhomo, chipewa chili pa bondo, osalalikira, osadzudzula. Ankangoti, "Ndabwera kudzakutengani, achimwene." Bambo ako ankabisala m'nyumba, ine n'kumachita manyazi kutuluka. Iye ankakhala mpaka mdima, n'kutsanzika mwaulemu, sabata yamawa n'kubweranso. Tsiku lina sanawapeze, anawalondola komwe ankamwerako, anakhala nawo pa benchi pakati pa oledzera akumuseka, mpaka anabwera nawo kunyumba atawakoleka dzanja paphewa. Sizinathe tsiku limodzi. Anagwanso, anagwanso, koma nthawi zonse panali munthu pa chitsa paja. Magazi amenewo ali mwa iwe, mwana wanga. Ukanena kuti ukungolawa pang'ono pochotsa kutopa, ine mawu amenewo ndinawamva kale pakamwa pa bambo ako, ndipo ndikudziwa kumene amathera.

Unganene kuti amayi akukuza nkhani, kupemphera munthu angathe kupemphera yekha m'nyumba. Inde angathe, ndipo uzitero. Koma iwe umakhala kunyanja, unaonapo munthu akukoka chilimira yekha? Pamafunika siginala ndi nyali zake, pamafunika maboti, pamafunika manja ambiri pa chingwe, apo ayi khoka limapita ndi madzi. Mlaliki 4:10 amanena za tsoka la munthu amene wagwa ali yekha popanda womudzutsa. Vesi limeneli bambo ako analidula mzere ndi pensulo, Baibulolo lili m'sutikesi muno, ukadzabwera udzaone wekha.

Chaka cha njala cha 2002 unali wamng'ono. Anthu ankatsika kuchokera ku Ntchisi ndi mbale, zitenje, ngakhale mbuzi, kudzasinthitsa ndi chinangwa chathu. Kuba kunachuluka, ndipo m'madera ena wogwidwa m'munda ankamenyedwa koopsa. Abambo aja anapangana kulonderana minda usiku, koma anapangananso kuti akagwira munthu asamumenye, amupatse mitsitsi ingapo apite. Anthu ena m'mudzi anawanena kuti ndi opusa. Mwa amene anagwidwa, mmodzi ndi dikoni lero, umamudziwa koma sukudziwa nkhaniyo.

Ndipo chitini chija cha mkaka, chimene aphunzitsi ankasunga, mmene aliyense ankaponyamo kangachepe kake akakumana. Bambo ako atadwala, ndi abambo amenewo anawanyamula usiku mpaka ku msewu wa M5 n'kuimitsa galimoto yopita ku boma. Ankasinthana kugona nawo kuchipatala kuti ine ndibwere kudzakuonani ana. Munda wa mpunga anapalira ndi iwo. Maliro atatha, abale onse atabalalika, iwo anabwera ndi udzu n'kufolera denga lakukhitchini. Ndalama ya mayeso ako a Fomu 4 unkaganiza kuti ndinaipeza kuti? Ine nkhuku ndinali nditagulitsa zonse. Inachokera m'chitini chimenecho, ndipo anandiletsa kukuuza kuti usamayende wowerama pamaso pawo. Lero ndakuuza, Mulungu andikhululukire, chifukwa ndikufuna udziwe kuti satifiketi imene uli nayo inagulidwa ndi amuna opemphera limodzi, osati amuna omwera limodzi. Tandiuza, mnzako ujayo, utagona m'chipatala lero, angabwere kudzakutembenuza pabedi? Angamugulire mkazi wako ngakhale sopo?

Ndamvanso za ngongole. Akuti unatenga katapila kuti ubwezeretse mpamba. Mwana wanga, katapila sabweza mpamba, amadya ndi nyumba yomwe. Ndikudziwa kuti zinthu zavuta, chigwetsereni kwacha mu Novembala 2023 mtengo wa galimoto, wa mchere, wa chilichonse unakwera, ndipo bizinesi ya usipa siyikupindula ngati kale. Sindikukuda chifukwa chosowa. Koma ndikukudziwa, ndinakubala ndine. Ukachita manyazi umabisala. Uli mwana utaswa mtsuko wa agogo ako unakagona mu nkhokwe mpaka tinakufuna ndi miyuni. Ndi zomwezo ukuchita pano. Wathawa abambo anzako chifukwa ukuopa kuti akufunsa za kunyumba, ndiye wapita kwa anthu amene safunsa kanthu bola ugule botolo. Amene safunsawo ndi amene alibe nawe ntchito.

Pita Lachinayi likubwerali. Usadikire kuti uyambe wasiya mowa, kapena uyambe wabweza ngongole, kuti ukafike woyera. Bambo ako tsiku loyamba anapita akununkha. Ukafika usakakhale chete n'kumangoyankha ameni. Ukanene kuti abale, ndagwa, ndili ndi ngongole yakutiyakuti, ndikumwa. Yakobo 5:16 amatiuza kuululirana machimo ndi kupemphererana, ndipo sananene kuti zimenezo ndi za amayi okha. Amuna mumafa ndi zinthu m'mimba poopa kuoneka ofooka. Ife amayi tikakumana ku Chigwirizano, kumtondo, kumjigo, timalira, timauzana, timapepukidwa. Inu mumangoti zili bwino mpaka tsiku lomwe timamva kuti wina wapezeka atadzimangirira. Maliro otere achuluka masiku ano, ndipo ambiri ndi a amuna a msinkhu wako, nkhani yake ngongole ndi banja. Ndikamva pa wailesi mtima wanga umathamangira kwa iwe.

Sindikunena kuti ukapeza angelo. M'magulu amenewa mumakhala wina wokonda kupemphera motalika kuti amveke, wina wofuna udindo, mwinanso wina wa pakamwa. Gulu la bambo ako nalonso linagawanikapo chifukwa cha ndalama za m'chitini, anakhala osalankhulana mpaka abusa analowererapo. Koma anakhululukirana n'kupitiriza. Ukaona kuti pagulu lonse sungamasuke, sankhapo awiri achikulire, amene akazi awo amaoneka osangalala, uwauze iwowo. Yang'ana nkhope ya mkazi wa munthu usanamuuze chinsinsi chako. Ndipo usatengeke ndi aneneri ogulitsa madzi ndi mafuta, olonjeza kuti ngongole ithera pa usiku umodzi. Amenewo akudyera ndalama yotsalayo. Iwe ukufunika anthu okudziwa dzina, odziwa pakhomo pako, oti ukajomba abwere kudzagogoda.

Kalata yako yosamukira ija unakapereka ku mpingo wa kumeneko? Akulu a mpingo kuno anandifunsa, ndinasowa choyankha. Ngati ikadali m'chikwama, ukapereke. Munthu wosalembedwa paliponse akasowa palibe amamufuna.

Pafupi nanu pomwepo pali chilumba cha Mbenji. Asodzi amene amapita kumeneko amadziwa malamulo a mfumu Makanjira: mowa ayi, chamba ayi, juga ayi, ndipo nyengo ya mvula chilumba amatseka kuti nsomba ziswane. Akhristu ndi Asilamu omwe amamvera, wophwanya amamuthamangitsa. Anthu akunyanja anaona kalekale kuti mowa ndi ndalama ya nsomba zikakumana, munthu amabwerera kwawo chimanjamanja. Iwe amene unakulira m'nyumba ya mapemphero ukuyesa kuti uli ndi mutu wolimba kuposa onsewo?

Za mnzakoyo, sindikuti umude. Nayenso ndi mwana wa munthu, mwina amayi ake akulira ngati ine. Ukafuna umuitanire ku mapemphero, akakana musiye. Koma ndalama ya nsomba asaionenso, ndipo ukatsika galimoto yochokera ku Lilongwe uzilunjika kunyumba, ukapereke ndalama m'manja mwa mkazi wako muwerengere limodzi. Mwana wa eni uja ndi woyembekezera, mwezi wake wayandikira. Usiku akayamba kumva kupweteka iwe uli ku bala, adzamuperekeza ndani? Ine ndinabereka mlongo wako bambo ako ali kokamwa, anandiperekeza ndi anansi, ndipo ngakhale ndinawakhululukira, usiku umenewo sindinauiwale. Sindikufuna apongozi anga adzakhale ndi usiku wotere woti azidzaukumbukira. Uzipemphera naye madzulo, ngakhale mawu ochepa, umugwire dzanja. Sizichotsa umuna.

Unali mwana womvera, ndiwe unkanditungira madzi mwendo ukandigwira, anzako akukuseka kuti ntchito ya atsikana. Mtima umenewo ukadalipo, ndikuudziwa. N'chifukwa chake ndikukalipa chonchi.

Bambo okonza njinga aja ndawauza. Usakwiye, sindinapite nazo kumsika, ndapita nazo kwa anthu amene anasunga bambo ako. Atsala atatu okha pa gulu lija, ena onse anatisiya, koma akukumanabe limodzi ndi achinyamata amene analowa, ndipo dzina lako akulitchula m'mapemphero. Iwo ati ali ndi mdzukulu wawo amene amapemphera mpingo wa kwanuko, amutumizira uthenga kuti adzakutenge Lachinayi. Akabwera usabisale, umulandire, apongozi anga amuphikire tiyi.

Atsibweni ako abwera Loweruka ndi thumba la mpunga wa kilombero ndi ufa wa kondowole pang'ono. Mpungawo ndi wa mayi woyembekezera, usagulitse. Ukhale nawo pansi uwaonetse pepala la ngongoleyo, aone ngati tingagulitse mbuzi ziwiri zija tithane ndi katapilayo chiwongoladzanja chisanakwerenso. Ukamaliza kuwerenga undiimbire, ndipo ulendo uno undisiye ndilankhule mpaka ndimalize. Undiperekere moni kwa apongozi anga, uwauze kuti ndibwera kudzadikirira nawo masiku akayandikira.

Ndine mayi ako.