Za salmon zanu zosiya kudya zija

Achimwene,

Ndikhulupirira muli bwino ku Bergen ku Norway uko, ngakhale mukuti masiku ano dzuwa likumalowa musanaweruke. Kuno ku Lilongwe kwatentha zedi, mvula tikungoiona m'mitambo cha ku Dedza uko.

Kalata yanu ndaiwerenga kawiri, makamaka paja mukuti nsomba za salmon za m'khola lina zasiya kulimbirana chakudya, zikungoyandama m'mbali mwa ukonde, ndipo pamadzi pakuoneka tindowe tachikasu tonga ulusi. Mukuti abwana anatchula PD koma inu munachita manyazi kufunsa pagulu. Manyazi amenewo ndinawadziwa kale tili ku Bunda, choncho ndikuuzani ndine.

PD ndi matenda a kapamba, ndipo amabwera ndi kachilombo kotchedwa salmonid alphavirus. Anayamba kudziwika ku Scotland mu 1976, koma kachilomboko akatswiri anadzakapeza patapita zaka pafupifupi 20, ku Ireland. Chakumadzulo kwa Norway komwe muliko, mtundu wofala wa kachilomboka ndi wotchedwa SAV3. Tsono mukatumbula nsomba musayembekezere kapamba wonga wa mbuzi. Wa salmon ngomwazikana m'mafuta amene amakuta timatumbo tambirimbiri tonga zala tija, pafupi ndi chifu. M'menemo ndi momwe mumachokera timadzi togaya mafuta ndi mapuloteni. Kachilomboka kakadya pamenepo, nsomba imayamba yasiya kudya, ndipo ngakhale itayambiranso kumeza, chakudya chambiri chimangodutsa m'mimba osalowa m'thupi. Tangoganizani, chakudya chodula chotere, chomwe ndiye chimadya ndalama zambiri pa ulimi umenewu, n'kumangothera pansi pa nyanja!

Zambiri zimachira, kapamba uja n'kubwereramo. Koma zina sizibwerera mwakale. Muzaziona miyezi ikubwerayi: mutu waukulu, thupi lopyapyala ngati mpeni, m'mimba mopanda ndi dontho lomwe la mafuta, zinzake zobadwa nazo limodzi zili dzidzidzi kunenepa. Kachilomboka kamafikanso kumtima ndi kuminofu, n'chifukwa chake akukuletsani kuzisokoneza. Nsomba yooneka ngati yachira ikhoza kungofa pongoipanikiza ndi ukonde. Mankhwala ochiza palibe, maantibayotiki sagwira vairasi. Chomwe amadalira ndi katemera, kusiya makhola opanda kanthu kwa kanthawi akakolola, ndi kuletsa kusamutsa nsomba, pakuti matendawa amayenda ndi madzi kuchoka pa famu ina kupita pa ina. Nsapato ndi zovala zija akukuvutitsani nazo kuti muzitsuka, musamanyinyirike.

Chandigwira mtima ine ndi cha kwathu kuno. Makumba akapanda kukula m'damu, tonse timaloza madeya, kapena amene anatigulitsa mbewu. Ndani anaganizapo kuti mwina nsombayo ikudya ndithu koma m'mimba mwake simukugwira ntchito? Mu 2020, matenda a zilonda aja otchedwa EUS atabuka ku Mchinji, dziko lonse linagwedezeka chifukwa zilondazo zinkaoneka ndi maso, mayi aliyense pamsika ankatha kuziona. Amenewo sanali a vairasi, anali a kanthu konga nkhungu. Koma zobisika m'mimbazi, mlimi akhoza kudyetsa miyezi isanu ndi umodzi n'kukolola tinsomba tonga matemba, iye n'kumati anamulodza mnzake wa damu loyandikana.

Sindikunena kuti PD ifika kuno ayi, imeneyo ndi ya nsomba za m'madzi ozizira, salmon ndi trout. Koma nazo za mtundu wa chambo zili ndi mdani wake, tilapia lake virus, ndipo anakapezeka kale mu Lake Victoria, pafupi pomwepa. Chiwerengereni kalata yanu, nsomba iliyonse yopinimbira yomwe ndavuula pa damu langa la ku Mitundu ndikumayamba ndaitumbula n'kuyang'anitsitsa chiwindi ndi matumbo. Mlamu wanu akuti ndiwo ndikumazifikitsa kukhitchini zitatha kale ulemu.

Mukadzapeza mpata, munditumizire pa WhatsApp zithunzi ziwiri: salmon yabwinobwino yotumbula, ndi ina yonyentcherayo, timatumbo tija tizioneka bwino. Ndikufuna ndikaonetse anzanga a kukalabu. Mayi anu ndinawaona Loweruka kumsika wa ku Area 25, ali bwino, angoti muziimba foni Lamulungu osati pakati pa usiku.

Ndine mnzanu wakale uja,
wa ku Mitundu