Akuti mitala ndi chilengedwe, ine ndiwayankhe bwanji?

Azakhali,

Tsamba lanuli ndakhala ndikuliwerenga zaka zambiri, ndipo ndisaname, nthawi zina ndinkaseka mavuto a anzanga n'kumati zoterezi sizingafike pakhomo panga. Chaona mnzako chapita. Lero ndagwira cholembera ndine.

Ndine mayi wa zaka 41, ndimaphunzitsa Biology pa sekondale ina yoyendera m'boma la Kasungu. Kwathu ndi ku Dowa, ndine Mchewa. Amuna anga ndi Angoni a ku Mzimba, ali ndi golosale komanso lole yomwe imanyamula fodya nthawi ya msika. Takhala m'banja zaka 17 ndipo Mulungu anatipatsa ana atatu, onse atsikana. Chisamba ali Fomu 3, wachiwiri ali Sitandade 7, mzime ali ndi zaka 6. Ukwati wathu unali wa chinkhoswe. Akuchimuna anaumirira kuti alowole monga mwa mwambo wawo, amalume anga anayamba akana kuti ife Achewa sitigulitsa mwana, koma pamapeto pake analandira ndalama m'malo mwa ng'ombe. Zokadalitsa kutchalitchi kapena kukalembetsa kwa DC tinkangoti chaka chamawa, chaka chamawa, mpaka lero.

Mwezi wa June, msika wa fodya uli pakati, bambo anandiitanira kuchipinda ana atagona. Anayamba ndi kunditamanda, ndipo pomwepo ndinadziwa kuti kukubwera chinthu. Anati apongozi anga aakazi sakugona tulo chifukwa pakhomo pathu palibe mwana wamwamuna, dzina la banja lifera pa iwo. Anati apeza mtsikana wa zaka 26 wa cha ku Jenda, wamakhalidwe, ndipo akufuna amutenge akhale mkazi wamng'ono. Ine ndisade nkhawa, ndine mkazi wamkulu, pampando panga palibe angakhalepo. Chomwe amafuna kwa ine ndi kuvomera basi.

Nditakana, anasintha nyimbo. Anati ndiyang'ane panja, tambala ndi mmodzi koma nkhuku zathadzi zilipo khumi. Tonde ndi mmodzi m'khola lonse. Anatulutsa foni n'kundionetsa kavidiyo kena ka pa WhatsApp kamene munthu wina amanena kuti sayansi inatsimikiza zoti mwamuna analengedwa kuti akhale ndi akazi ambiri. Kenaka anandiuza mawu amene akundiwawabe: "Iwe umaphunzitsa Biology, ukudziwa bwino kuti ndikunena zoona."

Azakhali, munthu akakumenya ndi ndodo yako yomwe zimapweteka kawiri. Ndinakhala masabata angapo ndikuwerenga usiku, ati ndipeze chowayankha. Vuto ndi lakuti zomwe ndinapeza sizinaime mbali yanga yokha, ndipo ndi chifukwa chake ndakulemberani.

Ndiyambe ndi nyama, poti ndi kumene iwo anayambira. Akatswiri akafuna kudziwa momwe mtundu wa nyama umakwatirana, amayang'ana kusiyana kwa thupi pakati pa yaimuna ndi yaikazi. Gorila wa m'mapiri a ku Rwanda, Uganda ndi Congo amakhala mmodzi ndi zazikazi zingapo, ndipo wamphongo amalemera pafupifupi kawiri kuposa wamkazi, chifukwa moyo wake ndi womenyana ndi amphongo anzake. Anyani otchedwa gibbon a ku Asia amakhala awiriawiri, ndipo wamwamuna ndi wamkazi amangofanana msinkhu. Ife anthu tili pakati, koma tayandikira kwa gibbon: mwamuna amamuposa mkazi pang'ono chabe. Zimenezi zikusonyeza kuti makolo athu akalekale anali ndi kamitala ndithu, koma sanali ngati gorila. Ndinawauzanso za chimpanzi, yemwe ndi wachibale wathu wapafupi kuposa gorila. Kumeneko wamkazi nayenso amayenda ndi amphongo ambiri. Ndinawafunsa kuti ngati tikutsata chilengedwe, titsate cha nyani uti? Anandiyang'ana ngati ndawatukwana.

Ndipo tambalayo anamusankha dala. Mwa mitundu 10 iliyonse ya mbalame, pafupifupi 9 imalera ana ili iwiriiwiri. Nkhunda zili padenga pathu pomwe, sanazione. Mwanapiye amatuluka m'dzira n'kuyamba kujompha yekha tsiku lomwelo, n'chifukwa chake tambala alibe ntchito ya kulera. Mwana wa nkhunda amabadwa wosaona, wopanda nthenga, amafuna makolo awiri omusinthana. Nanga mwana wa munthu, yemwe amatha chaka asanayende, n'kutha zaka zina zambirimbiri akudalira mbale ya makolo, akufanana ndi uti?

Mpaka apa ndinkaona ngati ndikupambana. Koma nditafika pa mbiri ya anthu, ndinazizidwa. Katswiri wina wa ku America, George Murdock, anasonkhanitsa miyambo ya mitundu ya anthu pa dziko lonse. Mwa mitundu 1,231 yomwe inalembedwa, 186 yokha ndi imene inkaumirira mkazi mmodzi. Ina yonseyo, kupatula inayi ya mkazi mmodzi amuna angapo, inkalola mitala. Choncho amuna anga sakunama akamati mitala si yachilendo. Ngakhale lamulo la mkazi mmodzi linafala kuchokera kwa Agiriki ndi Aroma, mpingo n'kulinyamula, ndipo kuno linabwera mwamphamvu ndi amishoni, omwe ankauza amuna amitala kuti asiye akazi ena asanabatizidwe. Mayiko ena aletsa mitala posachedwapa: China mu 1950, India kwa Ahindu mu 1955, Tunisia mu 1956. Kenya ndiye inachita kuivomereza m'lamulo mu 2014.

Komabe kulola ndi kuchita n'zosiyana. Ana aamuna ndi aakazi amabadwa pafupifupi chiwerengero chofanana, ndiye mwamuna mmodzi akatenga atatu, awiri ena atsala manja lende, kapena adikire akule kuti adzatenge kamtsikana kakang'ono. N'chifukwa chake ngakhale kumene mitala inkaloledwa, amuna ambiri ankakhala ndi mkazi mmodzi, amitala anali mafumu ndi eni chuma. Kafukufuku wa bungwe la Pew wa mu 2019 anapeza kuti pa dziko lonse anthu 2 okha pa 100 alionse ndi amene amakhala m'mabanja amitala, ndipo kuno ku Africa kum'mwera kwa Sahara ndi 11 pa 100.

Chomwe chinanditsegula maso kwenikweni ndi nkhani ya ku Tibet ndi ku Nepal. Kumapiri kumeneko malo olima ndi ochepa, ndiye abale awiri kapena atatu ankakwatira mkazi mmodzi kuti munda wa makolo usagawike. Magazi awo ndi ofanana ndi athu, chosiyana ndi nthaka. Mayi wina wa ku Denmark, Ester Boserup, analemba mu 1970 kuti mitala imachuluka kumene malo ndi ambiri ndipo akazi ndi amene amagwira khasu, poti mkazi wina ndi munda wina, nkhokwe ina. Akatswiri ena awiri, Clare Holden ndi Ruth Mace, anaonetsa mu 2003 kuti mitundu ya kuno ku Africa ikayamba kuweta ng'ombe imakonda kusiya zotsata mbumba ya kuchikazi n'kuyamba kutsata kuchimuna. Nditawerenga izi ndinaona banja langa lonse pa pepala. Angoni a Zwangendaba anawoloka Zambezi mu 1835 ali anthu a nkhondo ndi ng'ombe, ndipo kwa iwo ng'ombe imabweretsa mkazi, mkazi amabweretsa ana, ana ndi a bambo. Kwathu mwamuna ndi mkamwini, ana ndi a mbumba, mwini wake ndi malume. Mwana wamkazi kwathu ndiye mudzi. Atsikana anga atatuwa akanabadwira ku Dowa pa chikamwini, anthu akanati ndamanga mudzi. Kwa apongozi anga akuti sindinabereke.

Ndipo poti ananditchula za Biology, ndinawakumbutsa zomwe ndimaphunzitsa ana a Fomu 4 chaka chilichonse. Dzira la mayi limanyamula kachizindikiro ka chibadwa kotchedwa X nthawi zonse. Mbewu ya bambo ndi imene imabweretsa X kapena Y, ndipo ndi imeneyo imasankha kuti mwana akhale wamkazi kapena wamwamuna. Anatuluka panja osayankha.

Pali china chomwe ndiyenera kuulula, Azakhali, kuti mundiweruze bwino. Ine ndine mwana wa mitala. Mayi anga anali mkazi wachiwiri. Bambo anga, mzimu wawo uuse mumtendere, anali mkamwini midzi iwiri, ankapalasa njinga sabata ino kuno, sabata yamawa uko. Amayi aakulu sanali mfiti ngati momwe nthano zimanenera. Nditasankhidwa kupita ku sekondale bambo alibe kalikonse, iwo ndi amene anagulitsa mtedza wawo n'kundilipirira teremu yoyamba. Mayi anga atadwala, iwo anabwera kudzatiphikira mwezi wathunthu. Ndiye sindingaime pagulu n'kunena kuti mitala yonse ndi moto. Koma ndikukumbukiranso thumba limodzi la feteleza likugawidwa ndi mbale, aliyense maso ali pa dzanja la bambo. Ndikukumbukira mayi anga akuwerenga masiku, ndipo bambo akachedwa tsiku limodzi nsima inkatuluka yamiyala. Pa maliro a bambo, mtembo usanatuluke m'nyumba, abale anga a mimba ziwirizi anali atayamba kale kukangana za malata ndi njinga. Nditawafunsa mayi anga za nkhani yangayi, anangoti: "Ine ndinakhala, mwanawe. Koma usandifunse ngati ndinkagona."

Za m'Baibulo takambirananso ndi amuna anga. Iwo amatchula Abrahamu, Yakobo ndi Solomo wa akazi 700 uja. Ine ndimatchula Hagara akuthamangitsidwira kuchipululu ndi mwana, ndi Hana akulira osadya chifukwa cha matonzo a Penina. Mphunzitsi mnzanga wachisilamu anandiuza kuti kwawo mwamuna amaloledwa mpaka anayi, koma pokhapokha ngati angathe kuwachitira chilungamo mofanana, ndipo anaseka n'kuti mawu akuti "mofanana" amenewo amuna ambiri amawadumpha. Kumpingo kwathu amuna anga akatenga mkazi wina adzadulidwa mgonero. Iwo sizikuwakhudza, amapita pa Khrisimasi pokha. Ine ndi amene ndidzayende ndi manyazi pakati pa amayi anzanga.

Tsono nkhani inafika poipa sabata ziwiri zapitazo. Mlamu wanga wamkazi, mchemwali wawo wa amuna anga yemwe timagwirizana, anandiuza mwachinsinsi kuti mtsikanayo ali ndi pakati pa miyezi isanu, ndipo nyumba akumulipirira kuyambira chaka chatha. Ndinakumbukira maulendo a lole amene ankatha masiku atatu m'malo mwa limodzi. Ndiye chilolezo chomwe ankandipempha mu June chinali cha chiyani? Makolo akale pofuna mitala ankayamba akhala pansi ndi mkazi wamkulu, nthawi zina mkazi wamkuluyo ndi amene ankasankha mnzake. Izi ndi chibwenzi chomwe chapsa, ndiye akuchifunira nsalu ya mwambo kuti chivale. Chimenechi ndi chomwe chikundiwawa kuposa mitalayo. Ndinapita kukayezetsa magazi ndekha, ndili bwino, koma nditawapempha kuti tipitire limodzi anati ndikuwanyoza.

Ndinafunsa za malamulo. Lamulo la maukwati la 2015 limaletsa mitala kwa amene anamanga ukwati wa kuboma, koma wathu ndi wa mwambo, ndiye palibe chowaletsa. Nyumba yomwe tikukhala ndinamanga ndi ngongole ya ku SACCO yomwe ankandidula pa malipiro zaka zinayi, koma puloti ili m'dzina lawo. Apongozi anena kale kuti ndikafuna kupita ndipite, koma ana ndi olowoledwa, atsala. Nkhoswe yanga, amalume, angoti banja ndi kupirira, ndipo ndikuganiza kuti akuopa nkhani yobweza malowolo.

Ankhoswe a mbali zonse akumana Loweruka lachiwiri mwezi wamawa, ndipo ndikuyembekezeka kukapereka yankho. Amuna angawa sanandimenyepo, ana amawakonda, fizi salephera. Ndikanama ndikati chikondi chinatheratu. Ndivomere, koma ndiike mfundo zanga, monga kuti nyumba ilembedwe m'dzina langa ndi la ana, mkaziyo akhale kwake, ndipo tonse atatu tikayezetse? Kapena kuvomera koteroko ndi kudzigulitsa? Ndikakana n'kuchoka, khoti lingandipatse ana ngakhale analowola, ndipo thukuta langa la pa nyumba lija lingawerengedwe? Ndiyambire kuti, kwa ankhoswe kapena kwa odziwa malamulo?

Ndipo chondisowetsa tulo kwambiri ndi ichi. Chisamba wanga anamva zonse usiku wa mu June uja, khoma lathu ndi lopyapyala. Wakhala chete miyezi yonseyi, koma Lamulungu lapitali tikusenda mbatata anandifunsa osandiyang'ana kuti: "Amayi, ndiye kuti ifeyo atatu sitikukwana mwana mmodzi?" Ndinamuuza kuti akatenge madzi. Azakhali, mwana ameneyu ndimuyankhe chiyani?

Ndine mwana wanu,
Mayi wa atsikana atatu, Kasungu