Galu amene waluma mwana wanga ali ndi mwini wake

Akonzi,

Ndiloleni ndilankhule ndi anzanga oweta agalu ndi amphaka kudzera m'nyuzipepala yanu. Ndimakhala m'dera lina lothithikana kuno ku Blantyre, ndipo nanenso ndili ndi galu pakhomo, choncho zimene ndinene pano zikundikhudza ine ndemwe.

Mwezi wathawu mwana wanga wa zaka 7 analumidwa ndi galu pakatumba akuchokera kuokala komwe ndinamutuma mafuta ophikira. Anafika akulira, kabotolo kali m'manja, magazi akutsikira m'patapata. Ndinamukhazika pampopi n'kutsuka balalo ndi sopo wamtanda kwa mphindi 15 monga a zaumoyo amanenera, iye akukuwa, kenako ulendo wa kuchipatala. Pobwerako ndinapita kukaonana ndi mwini galuyo. Aliyense m'dera lathu amamudziwa galu ameneyu: wofiirira, nthiti zili pamtunda, nsonga za makutu zitadyeka ndi ntchentche. Amagona pakhonde la nyumba yachitatu kuchokera pathu. Bambo a pakhomopo anandiyankha kuti, "Amayi, ameneyo si wanga, amangobwera kudzatola makoko a nsima." Khadi la katemera panalibe. Madzulo omwewo anyamata anamugenda galuyo mpaka anathawira kumtsinje, ndipo sanaonekenso.

Kusowa kwake kunandiwawa kuposa kukana kwa bambowo. Galu amene waluma munthu amayenera kumangidwa ndi kuyang'aniridwa masiku 10. Akakhalabe bwinobwino pakutha pa masikuwo, ndiye kuti pa tsiku lolumalo analibe chiwewe m'malovu mwake, ndipo mitima ya makolo imakhala pansi. Ife mwayi umenewo sitinaupeze. Tinamaliza majakisoni onse oteteza mwana ku chiwewe, ulendo ndi ulendo, ndalama za minibasi zikutuluka, usiku ndikumadzuka kukamugwira mwana pamphumi.

Chiwewe si matenda oseweretsa. Zizindikiro zikangoyamba kuoneka, munthu sachira. Bungwe la zaumoyo padziko lonse la WHO limati anthu pafupifupi 59,000 amamwalira ndi chiwewe chaka chilichonse, ambiri mwa iwo ku Africa ndi ku Asia, ndipo pafupifupi onse amachitenga kwa galu. Mwa anthu 10 alionse otere, anayi ndi ana osafika zaka 15. Mwana ndi wamfupi, galu amamufika kumaso ndi m'khosi, pafupi ndi ubongo. Komanso mwana akakandidwa pang'ono amabisa poopa kukalipiridwa.

Komatu njira yothetsera vutoli ndi yodziwika, ndipo taiona ndi maso athu mumzinda uno. Kuyambira mu 2015 bungwe la Mission Rabies, mogwirizana ndi a nthambi ya zaumoyo wa ziweto, lakhala likubaya agalu katemera waulere m'masukulu ndi khomo ndi khomo. Chaka choyambacho anabaya agalu oposa 35,000 mu Blantyre muno. Akatswiri amati agalu 70 mwa 100 alionse akabayidwa, kachilomboka kamasowa podumphira ndipo matendawa amazilala okha. Ndiye munthu amene wabisa galu wake tsiku la katemera, ati poopa kuti afooka kapena asiya kuuwa, akuika pachiswe ana a mudzi wonse. Galu wanga amabayidwa chaka ndi chaka ndipo amauwa mpaka anansi kudandaula.

Chimene chikundisowetsa mtendere kwenikweni ndi kawetedwe kathu. Timati agalu oyendayenda, ngati anagwa kuchokera kumwamba. Ambiri mwa iwo ali ndi khomo. Usiku akauwa wakuba, mwini wake amanyadira kuti ndili ndi galu woopsa. Kukacha, galu yemweyo akapempha chakudya, amathamangitsidwa ndi mwala kuti akadzionere yekha kudzala. Akaluma munthu, alibe mwini.

Ena amalakwitsa mbali inayo. Amamutsekera galu m'kakhola ka malata kosakwana n'kutembenukiramo, dzuwa la mu Okutobala likuswa mtengo, wopanda ndi madzi omwe, ati kuti asazolowere anthu. Ena amafika pomuthirira tsabola m'chakudya kuti akhale waukali. Galu wotere sakhala mlonda. Amakhala chinyama chamantha chomwe tsiku limene chitseko chidzaiwalike chidzaluma aliyense amene chakumana naye, ndipo kawirikawiri woyamba amakhala mwana wa pakhomo pomwepo kapena mtsikana wantchito. Galu amene amadya bwino, amayendetsedwa pa chingwe ndipo amadziwa anthu a m'nyumba mwake ndi amene amatha kusiyanitsa mlendo ndi wakuba.

Ndikudziwa kuti zinthu zakwera mtengo. Sindikunena kuti tizigula chakudya cha m'mapaketi cha m'masitolo akuluakulu. Phala la madeya lothira bonya kapena mitu ya usipa, kawiri pa tsiku, ndi madzi oyera m'mbale yotsukidwa, galu amakhala wonyezimira. Kumuchotsa nkhupakupa, kumusambitsa ndi dipi woyenera agalu, kumumwetsa mankhwala a njoka za m'mimba miyezi itatu iliyonse, kumufinya mphutsi nyengo ya mvula: zonsezi n'zotheka kwa munthu wamba. Ngati zimenezi zikukanika, kuli bwino kusamutenga galuyo poyamba pomwe. Ndipo tileke kugula tiana ta agalu tomwe anyamata amatinyamula m'mwamba m'mphepete mwa msewu, tambiri timakhala titachotsedwa kubere tisanakwane ndipo palibe amadziwa ngati make anabayidwa.

Nkhani ya kuswana nayo timaizemba. Galu wamkazi amatenga bere la miyezi iwiri yokha, ndipo akhoza kuswa kawiri pa chaka, ana asanu kapena kuposa nthawi imodzi. Amene asowa owatenga amakatayidwa m'thumba kumtsinje kapena kumsika, ndipo opulumuka ndi omwe aja timawaona m'magulu usiku. Kufula galu wamphongo ndi kutseketsa wamkazi kwa dokotala wa ziweto kumathetsa zimenezi. Mabungwe oteteza ziweto ku nkhanza a LSPCA ku Lilongwe ndi BSPCA kuno ku Blantyre amagwira ntchito imeneyi. Kupha agalu ndi mfuti kapena ndi tameki kumangochotsa omwe alipo lero, pakapita miyezi yochepa ena osabayidwa amadzaza malo awo.

Amphaka ndiye amaiwalika kotheratu. Timawaweta chifukwa cha makoswe, n'kumaganiza kuti khoswe ndiye chakudya chawo chokwanira. Nawonso amatenga chiwewe ndipo amafunika katemera. Chona akalira padenga usiku, nthawi zambiri amakhala akufuna mnzake basi, si za ufiti ayi, ndipo sayenera kugendedwa. Chinanso chimene ambiri sadziwa: Panado amene timamwa ife amapha mphaka, ngakhale kachidutswa. Chiweto chikadwala, funsani alangizi a ziweto.

Pempho langa kwa mafumu ndi atsogoleri a m'mabuloko ndi loti pakhale kaundula wa agalu m'dera lililonse, khomo ndi khomo, ndipo tsiku la katemera likalengezedwa aziona kuti ndani sanabweretse wake. Aziphunzitsi nawo awauze ana kuti galu akamadya, akagona kapena akamayamwitsa samuyandikira, ndipo akalumidwa kapena kukandidwa anene msanga kunyumba. Pa 28 Sepitembala dziko lonse limakumbukira za chiwewe, ndipo ndingakonde nyuzipepala yanu itasindikiza malo ndi masiku a katemera m'Chichewa sabata imodzi tsikulo lisanafike.

Mwana wanga bala linapola, koma mpaka lero akamva galu akuuwa amandigwira chitenje. Ngakhale galu wathu yemwe, amene ankagona naye pamkeka, sakufuna kumuyandikira.

Mayi wokhudzidwa,
Blantyre