Tikusamutsa webusaiti ndi imelo yathu Lachisanu likudzali

Okondedwa makasitomala athu,

Tikhulupirira muli bwino. Lachisanu likudzali tikatseka shopu madzulo, tisamutsira webusaiti yathu, pamodzi ndi imelo yomwe mumatitumizira zoti tisindikize, ku seva ina (seva ndi kompyuta yomwe imasunga webusaiti ndi imelo). Yakaleyi imalemedwa nyengo ya mayeso ikafika, ndipo ophunzira ambiri mukudziwa mmene mafayilo amakanira kulowa. Adiresi yokha sisintha, muzilemba dzina lomwe lija.

Koma kwa tsiku limodzi kapena awiri zinthu zingaoneke ngati zasokonekera. Makompyuta amapezana ndi manambala, osati mayina, ndipo seva yatsopanoyo ili ndi nambala ina. Mukalemba dzina la webusaiti, foni yanu imayamba yafunsa DNS, yomwe ili ngati buku la manambala a mawebusaiti, kuti nambala yake ndi iti, monga mumasakira dzina la munthu m'foni kuti mumuimbire. Tsono maseva a netiweki safunsa kawirikawiri. Akapatsidwa yankho amalisunga kwa nthawi yoikika, yotchedwa TTL, yomwe imawerengedwa m'masekondi. Yathu inali 86400, ndiye kuti maola 24. Taitsitsa kale kufika pa 300, mphindi zisanu basi, kuti nambala yatsopano ifalikire msanga. Komabe maseva ena amakakamira yankho lakale, nayo foni kapena rauta yanu imasunga lake, n'chifukwa chake tikuti tidikire mpaka maola 48.

Choncho musadabwe Loweruka wina wa ku Matawale ataona tsamba latsopano pa TNM, mnzake wa ku Chinamwali pa Airtel akuonabe lakale, kapena mosemphanitsa. Palibe chaonongeka pamenepo. Kuzimitsa rauta n'kuyatsanso nthawi zina kumathandiza, koma kwenikweni n'kudikira.

Seva yakale tiisiya yoyaka kwa sabata yathunthu ndipo tiziyang'ana imelo mbali zonse ziwiri, kotero zomwe mwatumiza sizisowa, kungoti mwina tichedwa kuziona. Ngati ntchito yanu ndi yachangu, monga pulogalamu ya maliro kapena makadi a ukwati, tiimbireni foni mukangotumiza, apo ayi ingobwerani nayo pa fulashi.

Chinanso, anthu akuba amakonda nthawi ngati ino. Ife sititumiza uthenga wopempha pasiwedi yanu, kapena PIN ya Airtel Money ndi Mpamba. Mukalandira wotere m'dzina lathu, musayankhe, tidziwitseni.

Loweruka titsegula nthawi yamasiku onse.

Zikomo kwambiri,
Eni shopu ndi ogwira ntchito onse,
Zomba