Kalata yothokoza madokotala a opaleshoni a ku Hospital Provincial de Tete

Domwe, Angónia

Kwa Mkulu wa Chipatala, madokotala a opaleshoni ndi anamwino,

Olemekezeka,

Ndine mayi uja wa ku Domwe amene ndinafika kwa inu nditamanga makapulana awiri, ina yovala, ina yothinitsa pamimba kuti igwire chotupa. Ndalemba kuti mudziwe kuti ndili bwino, ndipo khasu ndayambanso kugwira.

Vutoli linayamba nditabereka mwana wachisanu kudzera pa opaleshoni. Bala linachita mafinya, linachedwa kupola, ndipo patapita miyezi pachipsera panatuluka kanthu ngati dzira la nkhuku. Ndikagona chagada kankalowa, ndikatsokomola kapena kunyamula ndowa kankatuluka. Kwathu kuno mzimayi sasiya kusenza chifukwa cha kachotupa kosapweteka, choncho madzi, nkhuni ndi matumba a mbatatesi ndinkasenzabe. Pofika chaka chachinayi chinali ngati dzungu. Kutchalitchi anzanga ankafunsa kuti, "Kodi mwezi wake ndi uti?" Ena ankanong'ona kuti ndinalodzedwa. Zitsamba ndinamwa, koma ayi ndithu.

A ku chipatala cha Ulongwe ndi amene anandilembera kalata yobwera kwa inu. Chimene sindidzaiwala ndi chakuti adokotala anu atandiyeza sanangolemba n'kundiuza kuti ndizipita. Anatenga pepala n'kujambula mimba, anamwino akumasulira m'chinenero chathu poti Chipwitikizi changa ndi chopereweza. Anati iyi ndi hérnia: minofu ya khoma la mimba inalekana pomwe anasoka paja, matumbo akudutsa pabowolo n'kukhala pansi pa khungu lokha. Bowo langa linali masentimita 11 m'lifupi, ndipo loposa 10 limawerengedwa kuti ndi lalikulu. Loterolo kungolisoka ndi ulusi nthawi zambiri limaphwasukanso, limafuna ukonde wolimbitsa. Anandichenjezanso kuti chotupa chikadzauma gwa, chikupweteka, ine ndikusanza, ndisadzadikire kuti kuche, chifukwa matumbo amakhala atapanika ndipo amatha kuola. Zaka zinayi zonsezo palibe anali atandiuzapo zimenezi.

Kunena zoona, tsikulo ndinawoloka mlatho wa Samora Machel ndili wokhumudwa, chifukwa ndinkayembekeza kugonekedwa pompo. Inu munati tiyambe tathetsa chifuwa chimene chinkandivuta, tiyeze shuga, ndichepetseko thupi. Pano ndikuona kuti munkadziwa chimene munkachita. Munthu wotsokomola usiku wonse amakankha pomwe asokapo.

Kenako munandikonzera mapepala opita ku Maputo, ulendo wa makilomita oposa 1,500, kuti akandichite opaleshoni ya kamera. Mantha anga onse anali pa kung'ambidwanso pamalo omwe aja anachita mafinya. Koma anaboola tibowo tinayi m'mbali mwa mimba, lalikulu lake lolowa chala chimodzi basi. Anapopera mpweya kuti mimba ifufume apeze poonera, analowetsa kamera ndi tizitsulo tatitali, n'kumamatula matumbo amene anali atakakamira kuchipsera, iwo akuyang'ana pa sikirini. Atatseka bowo anayala ukonde uja mkati, wopitirira m'mphepete mwa bowolo ndi masentimita 5 mbali zonse. Mwana wanga wa ku sekondale anawerenga pa intaneti kuti njirayi inayambira ku America mu 1993, ndipo ubwino wake waukulu ndi woti mabala sachita mafinya kawirikawiri. Ine ndikuvomereza. Nditatsitsimuka ndinapapasa pamimba kufunafuna bandeji yaikulu, ndinangopeza timapulasitala. Phewa ndi limene linkawawa, anati ndi mpweya uja, ndipo linaleka lokha. Tsiku lachinayi ananditulutsa.

Nditabwerera kumudzi, pamalo a chotupa panatupanso. Mtima unagunda, ndinati basi chabwerera. Ndinakwera chapa m'mamawa kubwera kwa inu ndikulira. Anamwino aja anandizindikira ndisanatulutse ndi khadi lomwe, anandikhazika pamthunzi n'kundipatsa madzi, poti kutentha kwa mu Tete ife a kumapiri sitikuzolowera. Adokotala anayeza n'kunena kuti ndi madzi chabe amene amasonkhana m'malo momwe munkakhala matumbo, asabooledwe ndi singano popanda chifukwa, adzauma okha. Anaumadi.

Masabata 6 amene munandiletsa kunyamula zolemera ndinawasunga. Bambo a kunyumba anatunga madzi okha, anthu akuwaseka pachitsime, iwo osalabada. Akuti ndikupatsireni moni ndi kuthokoza kwawo.

Mayi wina wa m'mudzi mwathu ali ndi chotupa ngati changa chija, chake chikadali chaching'ono. Ndamuonetsa zipsera zanga ndipo wavomera. Ndidzabwera naye pa tsiku limene munandilembera kuti mudzandionenso.

Zikomo kwambiri, Mulungu akudalitseni pa ntchito yanu.

Ine wanu,
Mayi wa ku Domwe