Basi yosandutsidwa nyumba imayambira pa sikelo

A Mkonzi,

Tiloleni tithirirepo ndemanga pa nkhani imene yafala m'mafoni masiku ano, ya mabanja ogula basi yakale n'kuisandutsa nyumba yogonamo ndi kuyendera. Zithunzi zambiri zimene anthu akutumizirana pa WhatsApp n'za ku America, kumene mabanja amagula mabasi achikasu amene anatha ntchito yonyamula ana asukulu. Kuno kwathu basi imene banja lingaipeze ndi Toyota Coaster, Mitsubishi Rosa kapena Nissan Civilian yomwe yatopa ndi msewu wa M1. Ndi mmene lendi yakwerera mu Lilongwe muno, sitikudabwa kuti ena ganizoli lawalowa mumtima. Ife ntchito zathu n'zowotcherera, zamagetsi a galimoto ndi ukalipentala, ndipo tikufuna owerenga amvetse chinthu chimodzi: basi, ngakhale muikemo bedi ndi makatani, imakhalabe galimoto. Woimanga ngati nyumba ya ku Area 25 akuika ana ake pa ngozi.

Musanagule thabwa ndi limodzi lomwe, pezani kachitsulo kolembedwa kamene opanga basi anakhoma pafupi ndi chitseko kapena pa mpando wa dalaivala. Pamenepo palembedwa kulemera komaliza kumene basiyo ingasenze, kuphatikiza iyo yomwe, anthu ndi katundu. Kenako chotsani mipando, mupite nayo pa sikelo yoyezera magalimoto akuluakulu. Tiyerekeze kuti kachitsulo kakunena makilogalamu 5,300 ndipo sikelo yaonetsa 3,400. Mwatsala ndi 1,900. Poyamba zimaoneka ngati zambiri, koma tawerengani. Anthu asanu ndi makilogalamu pafupifupi 300. Madzi malita 150 ndi makilogalamu 150, thanki yake isanawerengedwe. Thanki ya dizilo ya Coaster imalowa malita 95, amene ndi makilogalamu ngati 80. Mabatire awiri akuluakulu a 200Ah, a asidi aja, ndi 120. Silinda ya gasi yodzaza ndi 20, masola awiri ndi zitsulo zake 60, ndiye ufa, zovala, mapoto, jeke ndi masipanala ena 250. Zonsezi zadya kale pafupifupi 1,000, ndipo zomangira zonse ziyenera kukwana mu 900 otsalawo.

Apa ndi pamene ambiri amagwera. Munthu wozolowera nyumba amafuna pansi pa simenti ndi matailosi. Pansi pa Coaster, mukachotsa malo a dalaivala, pamatsala masikweya mita ngati 10. Simenti yochindikala masentimita atatu pamenepo imaposa makilogalamu 600, matailosi n'kuwonjezera ena 150 kapena 200. Basi yatha mphamvu musanaike ndi bedi lomwe, komanso simentiyo imasweka pa ulendo woyamba chifukwa chasisi imapindika pang'onopang'ono poyenda. Pulayiwudi wa mamilimita 12, mapepala anayi, n'kuyalapo kapeti wa pulasitiki, sizifika makilogalamu 120. Chimodzimodzi mipando ndi makabati: mlombwa ndi wokongola, akalipentala a ku Mchesi amaudziwa bwino, koma m'basi gwiritsani ntchito paini ndi pulayiwudi wopyapyala. Zolemera zonse, monga madzi ndi mabatire, zikhale pansi, pakati pa matayala akutsogolo ndi akumbuyo, ndipo mbali ziwiri zilemere mofanana. Thanki ya madzi pa denga ndiye ayi ndithu, chifukwa imagwetsa basi pa kona.

Za mapepala tingonena mwachidule. Basi yochotsedwa mipando siifanananso ndi zimene zalembedwa m'mapepala ake, choncho pitani ku Road Traffic musanadule kanthu, mukafunse zimene afune kuona kuti asinthe mapepalawo ndi kupereka COF, chikalata chotsimikiza kuti galimoto ndi yoyenera kuyenda pa msewu. Auzeninso a inshulansi kuti m'basimo mukhala gasi ndi mabatire, kuopa kudzakangana tsiku la ngozi. Laisensi ya B imathera pa galimoto ya makilogalamu 3,500, ndipo Coaster imaposa pamenepo ngakhale mutakhala nokhanokha a pabanja.

Pogula, injini isakuopseni kwambiri. Ya 1HZ imene ili m'ma Coaster ambiri, amakaniko a ku Biwi amaidziwa ngati msana wa njira, ndipo masipeya ake amapezeka. Choopsa ndi dzimbiri. Lowani kunsi ndi tochi ndi hamala yaing'ono, mugogode chasisi, makamaka pamene pamangidwa masipuling'i, pa masitepe a pakhomo ndi kunsi kwa mawindo. Chitsulo chabwino chimalira, chodyeka chimangoti phu. Ngati chasisi yadyeka, chisiyeni chiphakasacho ngakhale mtengo utsike bwanji. Mukachotsa mipando pamatsala mabowo ambirimbiri a mabawuti, ndipo lililonse litsekedwe n'kupakidwa penti woletsa dzimbiri, apo ayi fumbi ndi utsi wa ekizozi zizilowera momwemo. Poboola pansi yambani mwasuzumira kunsi, popeza mapaipi a mabuleki, a dizilo ndi thanki zili pomwepo. Powotcherera chotsani mawaya a mabatire. Nsanamira za pakati pa mawindo musadule n'cholinga chokulitsa zenera. Ndi zimene zimagwira denga basi ikagubuduzika.

Basi ndi chitini. Mu Okutobala, ku Salima kapena ku Chikwawa, mkati mwake mumasanduka uvuni, pamene mu Juni ku Dedza kapena ku Nyika mumazizira ngati mu filiji. Pakani denga penti woyera, ndipo pakati pa chitsulo ndi pulayiwudi ikani chotchinga kutentha chochindikala mamilimita 25 kapena kuposa. Ngati mwasankha chithovu choyera chija chimene amakutira mawailesi m'makatoni, mawaya asachikhudze, adutse m'mapaipi awo, chifukwa chithovucho ndi pulasitiki ya mawaya zimadyana. Boolani denga malo awiri, kutsogolo ndi kumbuyo, muike zotulutsira mpweya, chimodzi chikhale ndi fani. Anthu asanu akagona mawindo ali otseka, mpweya wawo umasanduka madzi pa chitsulo chozizira, amayenderera kuseri kwa pulayiwudi, ndipo pakatha miyezi ingapo mumamva fungo la chuku. Matiresi asagone pa thabwa lathunthu, koma pa timatabwa totalikirana kuti mpweya uzidutsa. Mawindo onse otsegula akhale ndi sefa ya udzudzu, ndipo maneti apachikidwebe.

Pa magetsi tikhalitsapo, chifukwa moto wambiri wa m'magalimoto umayambira pamenepa. Coaster ya dizilo imayendera mavolti 24, mabatire awiri olumikizana. Pali chizolowezi chokoka mavolti 12 pa batire limodzi kuti wailesi kapena filiji igwire ntchito. Batire limenelo limatha msanga, linzake limatchajidwa mopyola muyezo, ndipo onse awiri amafa. Mabatire a injini asiyeni a injini. A m'nyumba akhale apadera, ndipo ngati mukufuna kuti azitchajidwa poyenda, ikani pakati kachipangizo kotsitsa mavolti 24 kufika pa 12. Kukula kwa sola kumawerengedwa motere: filiji yaing'ono ya mavolti 12 imadya mawati-awa (mawati kuchulukitsa ndi maola) ngati 500 pa tsiku, mafani awiri a mawati 20 kwa maola 8 ndi 320, mababu a LED ndi 100, mafoni ndi kompyuta 200. Pamodzi ndi 1,100 ndi kakusefukira. Masola a mawati 400, pa dzuwa lamphamvu la maola asanu, kuchotsapo zotayika m'njira, amapereka pafupifupi 1,500. Batire la asidi la 200Ah limasunga 2,400 koma mungagwiritse theka lokha ngati mukufuna likhalitse, n'chifukwa chake tawerengera awiri, kuti masiku a mitambo mu Januwale filiji isazime. A lithiamu ndi opepuka ndipo amalola kuwatsitsa kwambiri, vuto ndi mtengo. Ketulo, ayironi ndi hotipuleti muiwale.

Inveta ya mawati 1,000 imakoka maampu pafupifupi 100 pa batire la mavolti 12. Waya wake akhale wa masikweya milimita 25 kapena 35, wamfupi, ndipo fyuzi ikhale pafupi ndi batire, osapitirira masentimita 20 kapena 30. Fyuzi imateteza waya, ndiye ikakhala kutali, gawo lonse lapakati likakhudza chitsulo limayaka. Waya wa m'nyumba wouma uja, wa chitsulo chimodzi mkati, amathyoka ndi kunjenjemera kwa basi. Gulani wofewa wa timawaya tambirimbiri. Paliponse pamene waya wadutsa pa bowo la chitsulo pakhale kalabala, chifukwa chitsulo chimasenda waya pang'onopang'ono mpaka tsiku lina usiku moto n'kubuka. Mabatire a asidi amatulutsa mpweya woyaka potchajidwa, choncho bokosi lawo likhale ndi potulukira mpweya kunja, kutali ndi gasi.

Mbaula isalowe m'basi, kaya kunja kukugwa mvula kaya kukuzizira chotani. Makala amatulutsa mpweya wakupha umene sununkha ndipo suoneka. Munthu amangomva mutu ndi tulo, osadzukanso, ndipo m'kachipinda ka mamita asanu mpweyawo suchedwa kudzaza. Nyemba ndi nsima ya anthu ambiri phikirani panja. Mkati gwiritsani ntchito gasi, zenera lili lotsegula. Gasi wophikira ndi wolemera kuposa mpweya, akatayika amatsikira pansi n'kukhazikika pomwe pagona ana. Silinda ya makilogalamu 9 iimirire m'bokosi lakelake lotsekedwa bwino cha mkati, lokhala ndi bowo pansi lotulukira kunja, yomangidwa ndi malamba awiri. Molumikiza monse pakani thovu la sopo, pakatuluka timabaluni ndiye kuti pakudontha. Tsekani silinda pogona ndi poyenda. Kachipangizo kolira kakamva mpweya woipa, ndi chozimitsira moto cha ufa cha makilogalamu awiri kapena kuposa pafupi ndi khomo, zigulidwe makatani asanagulidwe. Chitseko chakumbuyo chothawira pangozi chisatsekedwe ndi bedi.

Madzi malita 150, banja la anthu asanu likamasamala, amatha masiku awiri kapena atatu. Thanki yaitali ikhale ndi zotchinga mkati, chifukwa madzi a theka akamakhuthukira uku ndi uku amakankha basi pa buleki. Ambiri zigubu za malita 20 zimawathandiza kuposa thanki, popeza mungapite nazo pa mjigo. Akumwa athiridwe mankhwala kapena awiritsidwe, ndipo a m'nyanja musawayese abwino poona kuyera, muli likodzo. Chimbudzi chosavuta ndi ndowa ya chivindikiro chothina, kuthira utuchi wouma mukatha, mkodzo padera. Fungo limabwera ziwirizi zikasakanikirana. Zotayazo zikalowe m'chimbudzi chokumba, osati m'tchire la eni ake.

Basi ikamayenda, aliyense akhale pa mpando wa lamba. Siyani mipando ingapo yoyambirira pamalo pake ndi mabawuti ake, kumbuyo kwa dalaivala. Benchi yokhomedwa ndi misomali pa pulayiwudi imazuka pa ngozi, ndipo mwana wogona pa bedi amaponyedwa kutsogolo. Makabati amangidwe ndi mabawuti odutsa pa chitsulo, chitseko chilichonse chikhale ndi loko. Poto wosamangidwa pa liwiro la makilomita 80 amasanduka mwala.

Basi yonyamula anthu imapepuka akatsika, koma iyi imakhala yodzaza tsiku lililonse, ndiye mabuleki, masipuling'i ndi matayala sizipuma. Pa mtsetse wa ku Golomoti kapena wa ku Chiweta tsikani pa giya yaing'ono ndi buleki ya ekizozi, chifukwa mabuleki a phazi akatentha amasiya kugwira. Pa tayala pali manambala anayi a sabata ndi chaka chimene linapangidwa: 2319 ndi sabata ya 23 ya chaka cha 2019. Tayala lopitirira zaka zisanu ndi chimodzi musalikhulupirire ngakhale mano ake akuoneka, makamaka pa basi yoima nthawi yaitali padzuwa. Mukachoka pa msewu wafumbi onani ngati pakati pa matayala awiri akumbuyo sipanapanike mwala. Dizilo werengerani lita imodzi pa makilomita 6 kapena 7, kutanthauza kuti Lilongwe mpaka Mzuzu ndi malita oposa 50. Amene akuthawa lendi awerengere zimenezi, walira mvula walira matope.

Pogona pamafunikanso nzeru. Mu mzinda muno basi ikufunika mpanda, mpope ndi chimbudzi cha wina, ndipo zimenezo n'zolipira. Kumudzi yambani mwaonekera kwa amfumu. Ana a sukulu nawo sangamayendayende chaka chonse, wa Sitandade 8 ayenera kulembetsa mayeso a MANEB pa sukulu imodzi, ndiye kwa mabanja ambiri maulendo ataliatali ndi a pa holide.

Ntchito ikatha, dzazani madzi, dizilo ndi katundu yense, akwere onse, mubwererenso pa sikelo, ndipo muyeze matayala akutsogolo paokha, akumbuyo paokha. Ulendo woyamba ukhale waufupi, wa ku Senga Bay kudzera pa M14, mugone masiku awiri. Pobwerako mangitsaninso bawuti aliyense wa makabati, wa masola ndi wa mipando, mugwire mawaya a inveta ngati akutentha, ndipo mupakenso thovu la sopo pa paipi ya gasi.

Ndife,
Amisiri a zowotcherera, zamagetsi a galimoto ndi ukalipentala,
Biwi ndi Mchesi, Lilongwe.