Njinga zamoto za matayala anayi zimafuna maphunziro, osati makiyi okha

A Mkonzi,

Ndiloleni ndilankhule kudzera m'nyuzipepala yanu ndi anthu amene akugula njinga zamoto za matayala anayi, zija zimatchedwa quad kapena ATV, kuti azinyamulira katundu kumunda, kuyendera ziweto kapena kupopera mankhwala. Ogula ambiri amangolandira makiyi, kuonetsedwa polizira injini, basi ulendo wayambika. Amati popeza matayala ndi anayi, chinthucho sichingagwe ngati njinga yamoto wamba. Ife amene timakonza makinawa timadziwa kuti chimagwa, ndipo chikagwa chimagwera pa mwini wake.

Quad yogwirira ntchito imalemera makilogalamu pakati pa 250 ndi 400. Ndi yopapatiza, ndi yaitali kuchokera pansi, ndipo woyendetsa amakhala pamwamba penipeni. Ikagubuduzika, munthu amapezeka pansi pake, chifuwa chitapsinjika, n'kumalephera kupuma ngakhale palibe fupa lothyoka. Ngati anapita yekha kutali, palibenso womuchotsera cholemeracho. Vuto limeneli si lachilendo. Kampani ya Honda inayamba kugulitsa za matayala atatu mu 1970, Suzuki n'kubweretsa ya matayala anayi mu 1982, ndipo mu 1988 opanga makinawa anagwirizana ndi boma la United States kuti asiye kugulitsa za matayala atatu chifukwa cha kuchuluka kwa ngozi. Ku Australia, kuyambira Okutobala 2021, quad yatsopano yogwirira ntchito siloledwa kugulitsidwa popanda chitsulo chotalika kumbuyo kwa mpando, chomwe chimasiya mpata pansi pa njinga ikatembenuzika kuti munthu asapsinjike.

Kuti mumvetse chifukwa chake imagwa, suzumirani pansi pake kumbuyo. Pa quad zambiri matayala awiri akumbuyo ali pa chitsulo chimodzi, ndipo amazungulira pa liwiro lofanana nthawi zonse. Pokhota, tayala lakunja limayenda mtunda wautali kuposa lamkati. Galimoto ili ndi difu yomwe imalola kusiyana kumeneku, koma quad zoterezi zilibe. Ndiye kuti njinga ikhote, tayala lamkati liyenera kuterereka pang'ono. Woyendetsa ndiye amathandiza zimenezi ndi thupi lake: amachepetsa liwiro asanafike pakona, amasunthira patsogolo pa mpando, amapendekera mkati mwa kona, kwinaku kulemera kwake akukuika pa chopondera chakunja. Pa dothi tayala lamkati lija limaterereka bwinobwino. Pa msewu wa phula limagwira nganganga, njinga imakana kukhota, woyendetsa amakakamiza chiwongolero, kenako matayala awiri amkati amanyamuka. N'chifukwa chake opanga amalemba pa njingapo kuti isamayendetsedwe pa phula.

Pamenepa mpamene pali nkhani ya mpando. Anthu akaona kutalika kwake amati ndi wa anthu awiri. Ayi, unatalikitsidwa kuti woyendetsa azisunthira patsogolo pokwera chitunda ndi kumbuyo potsika. Mukakweza mnzanu, mwadzitsekera malo osunthira ndipo mwaonjezera kulemera kumbuyo ndi pamwamba, komwe n'komwe kumapidigula njinga. Zilipo quad zopangidwira anthu awiri, zimakhala zazitali ndipo zili ndi zopondera ndi zogwirira za wokwezedwa. Mwana wosafika zaka 16 asayendetse quad ya akuluakulu ngakhale atakhala wochenjera chotani, chifukwa thupi lake n'lopepuka kwambiri moti kupendekera kwake sikusintha kanthu. Chipewa cholimba cha njinga yamoto chomangidwa pachibwano, magalasi a m'maso, nsapato zofika pa akakolo ndi buluku lalitali, zimenezo muzivala nthawi zonse, sitikambirana n'komwe. Chipewa cha pa njinga yakapalasa kapena cha omanga nyumba sichikwanira. Ndipo phazi lisachoke pa chopondera njinga ikuyenda. Amene anazolowera njinga ya matayala awiri amaponya phazi pansi ikafuna kupendekeka, tayala lakumbuyo n'kuliponda.

Tsopano matayala, pomwe ambiri amalakwitsa tsiku loyamba lomwelo. Matayala a quad amafuna mpweya wochepa kwambiri, nthawi zambiri pakati pa 3 ndi 7 psi (muyeso wa mphamvu ya mpweya m'tayala), pomwe a galimoto amafuna cha m'ma 30. Nambala yeniyeni inalembedwa pa chikwangwani chomatidwa pa njinga ndi m'buku lake. Nambala yaikulu yolembedwa m'mbali mwa tayala musaitsatire, imeneyo ndi malire a tayalalo, si mpweya woyendera. Geji yoyezera mpweya wa matayala a galimoto siitha kuwerenga mpweya wochepa chotero, pamafunika geji yakeyake, ndipo kuponda tayala ndi phazi sikukuuzani kalikonse. Tayala lodzaza kwambiri limadumphadumpha ndipo siligwira dothi. Lofewa kwambiri limapindika pakona, mwinanso kuvuka pa limu. Choopsa kwambiri n'kusiyana kwa mbali ziwiri. Ngati lakumanzere lili pa 4 ndipo lakumanja pa 5, kusiyanako kukumveka kochepa koma ndi gawo limodzi mwa magawo anayi. Tayala lina limakhala lalikulu kuposa linzake, njinga imakokera mbali imodzi, ndipo pamalo otsetsereka imakhala yopendekeka kale musanayambe n'komwe. Yezani matayala ali ozizira, tsiku lililonse musananyamuke, ndipo popopa gwiritsani ntchito pampu yamanja, chifukwa kompuresa imapyola malire m'kanthawi kochepa.

Pa chitunda, sankhani giya yotsika musanayambe kukwera, kwerani molunjika, thupi patsogolo, ngakhale kuimirira pa zopondera ngati pali potsetsereka kwambiri. Musaonjezere moto mwadzidzidzi pakati pa chitunda, kutsogolo kumanyamuka. Injini ikazima kapena mphamvu ikatha, gwirani mabuleki, ikani buleki yoimikira, n'kutsikira mbali ya kumtunda. Njinga ikayamba kubwerera m'mbuyo musaponde buleki yakumbuyo mwamphamvu, chifukwa matayala akumbuyo akaima mwadzidzidzi njinga imapidigukira chagada pa inu. Gwirani yakutsogolo pang'onopang'ono, thupi likadali patsogolo. Dziwaninso kuti ngati mwalumikiza matayala onse anayi kuti azikoka, buleki iliyonse imakhudza matayala onse, choncho dzanja likhale lofatsa. Potsika, thupi kumbuyo, giya yotsika, injini izikuthandizani kuchepetsa liwiro. Kudutsa chitunda cham'mbali ndiko kumagwetsa anthu ambiri. Kamwala kamodzi pansi pa tayala lakumtunda kapena kadzenje ku tayala lakumunsi n'kokwanira. Ngati pali njira ina, zungulirani.

Katundu ali ndi malire olembedwa pa makeriyala. Pa quad zambiri zapakatikati amakhala pafupifupi makilogalamu 30 kutsogolo ndi 60 kumbuyo. Opopera mankhwala awerengetse bwino: lita imodzi ya madzi ndi kilogalamu imodzi, ndiye thanki ya malita 60 ikadzaza yapyola kale malire mukaphatikiza kulemera kwa thankiyo ndi pampu yake. Thanki yofika theka ndi yoopsanso mwa njira ina, madzi amakhavukira mbali ya kumunsi nthawi yomweyo imene njinga yapendekeka. Ngolo imangidwe pa chokokera chake chapansi basi. Kumanga chingwe pa keriyala pofuna kukoka chipika kapena njinga ina kumanyamula matayala akutsogolo.

Pa kasamalidwe, chimene chimapha injini zambiri ndi fumbi. Sefa ya mpweya ya siponji imachapidwa ndi madzi a sopo kapena mankhwala ake, kuumitsidwa mpaka iumiretu, kenako kupakidwa oyilo wa sefa n'kufinyidwa m'manja. Musaipotokole ngati chovala, imang'ambika, ndipo musaichape ndi petulo. Siponji youma yopanda oyilo imalola fumbi kudutsa, fumbilo n'kumapala silinda ndi maring'i mpaka injini kuyamba kufuka utsi ndi kudya oyilo. M'nyengo ya fumbi ionedwe pafupipafupi osadikira tsiku la sevisi. Pansi pa bokosi la sefa pali kapaipi kosonkhanitsa madzi ndi litsiro, mukaonamo kanthu tsegulani bokosilo.

Oyilo wa injini, opanga ambiri amati asinthidwe koyamba pakatha maola pafupifupi 20 njinga ili yatsopano, kenako pa maola 100 alionse kapena makilomita 1,000, ndipo mofulumirirapo ngati ntchito yake ndi ya m'matope ndi m'fumbi. Werengani maola osati makilomita okha, chifukwa quad yopopera mankhwala imalira tsiku lonse koma mtunda wake ndi wochepa. Ngati kilatchi ya njinga yanu imakhala m'oyilo wa injini, gulani oyilo wolembedwa JASO MA. Oyilo wina wa galimoto ali ndi mankhwala oterera amene amachititsa kilatchi kuterereka, injini kumalira koma mphamvu osafika ku matayala.

Quad zomwe zimayendera lamba n'kumasintha magiya zokha, zotchedwa CVT, zili ndi vuto lawolawo. Kukoka katundu wolemera pang'onopang'ono mu giya yothamanga ya H kumatenthetsa lamba, amanunkha ngati mphira wopsa, amasalala, kenako amaduka kutali ndi kwanu. Pa ntchito yolemera, pa chitunda ndi m'matope ikani mu giya yotsika ya L. Njinga ikatitimira, musamangopatsa moto matayala asakuzungulira, lamba amapsa malo amodzi ndipo kuyambira pamenepo njinga imanyamuka modzuma.

Kamodzi pa sabata gwadani muone timatumba ta mphira tophimba ma CV joint, mfundo za zitsulo zozungulitsa matayala, pafupi ndi matayalawo. Chitsa kapena waya zikang'amba kamodzi, girisi amamwazika, mchenga umalowa, ndipo posakhalitsa mumva kulira kwa the-the-the pokhota. Kusintha kathumba n'kosavuta, kusintha joint yonse ndi nkhani ina. Kwezani njinga pa jeke, gwirani tayala pamwamba ndi pansi n'kuligwedeza. Likagwedera, vuto lili pa beyaring'i kapena ball joint, mfundo imene tayala limakhotera. Ligwireni kumanzere ndi kumanja, likagwedera onani mitu ya tie rod, chitsulo cholumikiza chiwongolero ndi tayala. Zimenezi zikathyoka njinga ikuyenda, chiwongolero chimangotsala m'manja. Manati a matayala amangidwe ndi sipanala yoyeza mphamvu molingana ndi buku, ndipo muwaonenso mukayenda ulendo woyamba mutasintha tayala.

Kachitsulo kopatsira moto, kaja kokankha ndi chala chachikulu, kayenera kubwerera kokha msanga mukakasiya. Injini ikulira, tembenuzani chiwongolero mbali zonse ziwiri mpaka kumapeto. Kulira kukakwera kokha, ndiye kuti kebulo yakoledwa penapake ndipo njingayo isayende mpaka ikonzedwe. Mafuta a mabuleki, nthawi zambiri DOT 4, amayamwa chinyezi ndipo asinthidwe zaka ziwiri zilizonse. Buleki yofewa m'manja ndiye kuti muli mpweya kapena pakudontha. Matope amatseka rediyeta, muitsuke ndi madzi opanda mphamvu kuchokera kumbuyo kwake kuti timapepala take tisapindike. Udzu wouma wokanirira pa ekizozi umayaka, ndipo ungayatse njinga ndi munda womwe. Musalize injini m'nyumba yotseka, utsi wake uli ndi mpweya wakupha womwe sununkha.

Madzi musawoloke opitirira zopondera, ndipo othamanga musayese n'komwe, matayala aakuluwa amayandama. Mukatuluka, gwirani mabuleki pang'onopang'ono kangapo mukuyenda kuti aume. Ngati njinga yamira n'kuzimira m'madzi, musayese kuiliza. Madzi sapanikizika, ndiye pisitoni ikawagunda m'silinda chitsulo chake chimapindika. Ikokereni kumtunda, chotsani pulagi, tsanulani madzi a m'bokosi la sefa ndi m'nyumba ya lamba, zungulitsani injini pulagi ili kunja kuti madzi atuluke, kenako sinthani oyilo ndi fyuluta yake. Oyilo akamaoneka ngati mkaka sinthaninso mpaka asiye kuoneka choncho, ndipo muone wa m'magiya akutsogolo ndi akumbuyo, chifukwa madzi amalowanso mmenemo kudzera m'timapaipi topumira.

Pempho langa, a Mkonzi, likupita kwa ogulitsa ndi olemba anthu ntchito. Wogulitsa asapereke quad, yatsopano kapena yakale, popanda buku lake ndi geji ya mpweya wochepa. Wolemba ntchito asatume munthu pa quad asanamuphunzitse pa bwalo lathyathyathya kukhota, kuima mwadzidzidzi ndi kutsika pa njinga injini ikazima pakati pa chitunda, ndipo amuuze malo a m'mundamo amene njinga siyenera kufikako. Wopita yekha anene kumene akupita ndi nthawi yobwerera, foni ikhale m'thumba la malaya osati pa keriyala, kuti atapsinjika athe kuifikira. Makiyi asamasiyidwe pa njinga pakhomo pamene pali ana.

Ndine wanu,
Makaniko wa njinga zamoto ndi makina a kumunda